Nsanje pa Nsanjika ya 11

1

Mukamadzadutsa pakati pa tauni, pamene pali nsanja yatsopano ija, mudzaime kaye tsidya lina la msewu n'kuyang'ana m'mwamba. Mudzawerenge nsanjika kuchokera pansi mpaka pa 11. Mazenera onse a nyumbayo ndi aatali, oyambira m'mawondo kukafika kudenga, koma pamenepo pali limodzi lalifupi, longa diso lotsinzina. Oyendetsa matakisi amati amisiri anali ataledzera. Ana a sukulu ya zomangamanga amabwera ndi aphunzitsi awo kudzalijambula, ati ndi luso lakuya. Onsewo sakudziwa kanthu. Zenera limenelo ndinalijambula ine, masana dzuwa likuswa mtengo, ndisanalawe ngakhale dontho la mowa.

Amuna anga ndi katswiri wojambula mapulani a nyumba. Ku ofesi amawatcha a Pensulo, chifukwa anzawo onse atasamukira pa kompyuta, iwo anakakamira pensulo ndi pepala lopyapyala. Ine ndi amene ndinkatenga zokhwatchakhwatcha zawozo n'kuziika pa kompyuta, mzere ndi mzere, muyeso ndi muyeso, kuti injiniya ndi amisiri athe kuwerenga. Ndinagwira ntchito imeneyo zaka khumi ndi zinayi. Iwo ankalandira mphoto ndi kuomberedwa m'manja, ine ndinkalandira kupweteka kwa msana, ndipo sindinkabisa kudandaula kuti dzina langa silituluka paliponse.

Ntchito ya nsanjayo inabwera ndi bambo wina wachuma amene tinkamutcha a Magalasi, popeza chilichonse ankafuna chikhale cha galasi. Akanaloledwa, ngakhale chimbudzi chikanaonekera kunja. Anafuna masitolo pansi, maofesi kuyambira nsanjika yachiwiri mpaka yachisanu ndi chitatu, nyumba zogona pamwamba pake, ndipo padenga dimba la maluwa ndi dziwe losambiramo, m'tauni momwe madzi a pampopi amabwera ngati mlendo. Pa zithunzi zotsatsira malonda tinaikapo anthu oonda akumwetulira, atagwira tiagalu pa zingwe, msewu wopanda dzenje ngakhale limodzi. Tauni ya pa zithunzipo ine sindinaionepo, koma anthu anagula nyumba zonse maziko asanakumbidwe.

2

Nyumba zogonazo zinali zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Ukajambula imodzi, zotsalazo umangokopera. N'chifukwa chake ndinadabwa tsiku lina m'mawa, a Pensulo ataika pa tebulo panga pepala lapadera la nyumba yachitatu ya pa nsanjika ya 11.

Makomo a nyumba zina zonse anali a masentimita 80, a iyi anali a 100. Sinki inali yotsika. Maswichi a magetsi anali otsika. Makabati onse anali m'munsi, ndipo zigwiriro zake zinali zoti munthu azitsegula ndi dzanja lamanzere. Pakhomo panalibe ngakhale kachidutswa kopunthwitsa phazi. Pambali pa zenera la pabalaza analembapo ndi pensulo yawo kuti: "Aziona tauni yonse atakhala pansi."

Ndinapita nalo pepalalo ku chipinda chawo.

"Bambo, nyumba iyi ndi ya ndani?"

"Ya kasitomala wina," anayankha osadzutsa mutu.

"Kasitomalayo alibe dzina?"

"Jambulani monga ndalemberamo, mayi."

Pa ofesi pathu pali mayi wa pa foni, mnzanga wapamtima, amene amadziwa nkhani isanachitike. Pa nthawi ya tiyi ndinangomutchulira nambala ya nyumbayo, iye n'kuika kapu pansi.

"Kodi simudziwa, asisi? Imeneyo siyogulitsa. Abwana anaipempha kwa a Magalasi ngati mbali ya malipiro awo. Ine ndimayesa ndi yanu."

Ndinaseka naye, koma tiyiyo sanatsike. Mwamuna watenga nyumba pakati pa tauni osamuuza mkazi wake. Nyumbayo waipima pa thupi la munthu wina: wamfupi, wamanzere, wofuna khomo lalikulu, mfumukazi yoti izingokhala pansi n'kumaonera tauni. Ine ndine wamtali, ndimalembera kumanja, ndipo kukhala pansi ndimakumvera kwa anzanga.

3

Sindinavutike kufufuza. Munthu wa miyeso imeneyo ankagona m'nyumba mwanga, kudya chakudya changa, kusamba sopo wanga.

Mng'ono wanga ndi namwino. Anabwera kudzakhala nafe atapeza ntchito pa chipatala chachikulu, ndipo ndine ndinachita kumuitana. Kwathu timamutcha Kamanzere, chifukwa kuyambira ali mwana supuni ankaigwirira kumanzere, amayi anamenya mpaka kutopa. Ndi wamfupi, koma chimene Mulungu anamumana m'litali anamubwezera m'chiuno.

Loweruka lina ndinatenga tepi yanga ya ku ntchito.

"Ima apa, iwe, ndikuyeze. Ndikufuna ndikusoketsere diresi."

"Zikomo, achemwali. Lero mwadzuka bwinotu," anatero akuseka, manja atatambasula.

Msinkhu unali masentimita 149. Ndinayeza kuchoka pansi kufika m'chigongono, ndipo muyeso wake unagwirizana ndi sinki ija ndendende. Za chiuno sindinena, koma khomo la masentimita 100 ndinalimvetsa tsiku limenelo. Diresi sanailandire mpaka lero.

Munthu ukayamba kufuna umboni, umboni umachita kukuthamangira. Lachiwiri lililonse masana a Pensulo ankasowa pa ofesi, ati misonkhano. Lachiwiri lomwelo ndi limene Kamanzere sankagwira ntchito. Mayi wa pa foni anawaona pa mphambano, Kamanzere ali pa chiwongolero cha galimoto imene ine, mkazi wa pa ukwati, sindinkaloledwa ngakhale kuitsuka mkati. Kunyumba nako zinthu zinkachitika ine ndikuona.

"Alamu, bwerani ndikumangireni batani la pamkonolo."

"Alamu, nyamayo yalimba, ndikudulireni."

Madalawo anayamba kugwetsa makapu. Mizere yawo, imene kale inkawongoka popanda rula, inayamba kukhotakhota. Nditafunsa anati ndi nyamakazi. Mumtima ndinati nyamakazi yake ndikuidziwa, imavala yunifolomu yoyera. Tsiku lina ndinawapeza akusaina kalata ndi dzanja lamanzere, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani. Ndinaima pakhomo n'kuomba m'manja.

"Mwafikapotu, bambo. Mpaka kusintha dzanja?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza kusaina.

Mwina mukufunsa chifukwa chake sindinawakhazike pansi awiriwo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mmodzi anali mwamuna wanga, wina mwana wa mayi anga. Koma chilungamo chake n'chakuti sindinkafuna yankho. Ndinkafuna kuwina.

4

Anthu ena akapsa mtima amaswa mbale. Ine ndinali ndi kompyuta, ndi mapulani a nyumba yosanja ka 18.

Ndinadikira nthawi ya nkhomaliro, anzanga atatuluka, n'kutsegula pulani ya nsanjika ya 11. Ndinayamba ndi bafa. Ndinalisuntha pang'ono kuti khomo lake ligwere pakati pa chipilala ndi khoma la chikepe, pamene pankangokwana masentimita 62. Ndinati alowe cham'mbali ngati nkhanu. Bafa litasuntha, mapaipi anafunika kudutsa pansi pa balaza, choncho ndinakweza pansi pa nyumba yonseyo, ndipo pakhomo lolowera panabadwa sitepe imodzi ya masentimita 17, yokwanira kuthyola nsapato ya gogoda. Sinki, maswichi ndi makabati ndinazikweza kufika pa msinkhu wanga.

Zenera ndinalisungira kumapeto. Ndinawerenganso mawu aja, "Aziona tauni yonse atakhala pansi," n'kukweza khoma la pansi pa zeneralo kufika masentimita 150. Ndinachita kuwonjezera sentimita imodzi pa msinkhu wa mwini wake, kuti ngakhale ataimirira aziona mitambo yokha.

Injiniya anandiimbira foni mawa lake.

"Mayi, zenera ili pa 11 ndi dala?"

"Ndi luso la abwana. Inu simudziwa anthu aluso?"

"Ayi, ine zandikomera. Khoma limenelo ndidutsamo zitsulo zonyamula khonde la pamwamba pake. Mwandichepetsera ntchito."

Mapulani onse ndinawaika mulu umodzi pa tebulo la a Pensulo. Anasaina tsamba ndi tsamba osawerenga, monga ankachitira zaka zonsezo, chifukwa ntchito yochoka m'manja mwanga sinkafuna kuiona kawiri. Pamenepo mtima unandigunda pang'ono, sindikana. Koma nditaona dzanja limene ankasainira, unakhalanso m'malo.

Nyumba inayamba kukwera. Amisiri anaikuta ndi maukonde obiriwira kuti njerwa zisagwere odutsa, ndipo kuchokera mu msewu sunkaona kanthu. Chikepe chinali chisanaikidwe. A Pensulo, amene kale ankakwera makwerero kuposa anyamata, anayamba kulekezera pa nsanjika yachitatu, kenako yoyamba, kenako ankangoima pansi ndi chipewa chawo cholimba n'kumatuma ine. Anayambanso kuyenda ndi ambulera yaitali ngakhale kunja kulibe mtambo. Ine ndinkati ndi mafashoni a madala amene apeza wachitsikana. Tsiku lothira konkire pa nsanjika ya 11 ndinakwera ndekha masitepe onsewo, ndinaima pambali pa kapitawo mpaka ntchito inatha, ndipo potsika ndinkaimba nyimbo.

5

Tsiku lochotsa maukonde a Magalasi anachita phwando mu msewu. Panali tenti, mipando yovekedwa nsalu, atolankhani, ndi onse amene anagula nyumba, aliyense akuloza m'mwamba kusonyeza mnzake pamene azidzayanika zovala. Kamanzere anabwera, ndipo anakhala mpando woyandikana ndi alamu ake. Ine ndinavala diresi yofiira.

Maukonde atagwa, anthu anaomba m'manja. Nyumba inali yokongola, zimenezo sindingawalande amuna anga. Iwo sanaombe nawo. Ndinaona milomo yawo ikuwerenga nsanjika, kufika pa 11, kuyambiranso pansi.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "tandiwerengerani. Mwina ndi maso angawa."

"Mwawerenga bwino, bambo."

"Zenera lija latani?"

"Ndinalikweza."

"Nanga makomo?"

"La kubafa ndinalichepetsa. Pakhomo ndinaikapo sitepe, imeneyo ndi mphatso yochokera kwa ine."

Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinali nditasunga mawu zaka ziwiri, ndipo ine maikolofoni sindiifuna, Mulungu anandipatsa yanga. Ndinaimirira. A Magalasi anali pakati pa kuthokoza alendo, n'kungotsala kukamwa yasa.

"Muwauze anthuwa, bambo, kuti nyumba imeneyo mumamangira ndani. Sinki yotsika, zigwiriro za kumanzere, khomo lokwana chiuno cha anthu awiri. Mumayesa ine sindidziwa kuwerenga pulani?"

Mitu yonse inatembenuka, ndipo sinasochere. Kamanzere anali atagwira botolo la chakumwa ndi dzanja lamanzere.

"Achemwali, mukunena ine?"

"Pali winanso wa masentimita 149 pano?"

Ndinkayembekezera kuti alira kapena athawa. Iye anaika botolo pansi bwinobwino, n'kutembenukira kwa amuna anga.

"Alamu, ndakusungirani zaka ziwiri. Munene nokha, apo ayi ndinena ine."

6

A Pensulo anadzuka movutikira, atatsamira ambulera ija. Ananditambasulira dzanja lamanja.

"Gwirani apa, mayi. Ndikufinyani ndi mphamvu zanga zonse."

Ndinagwira, ndikuyang'ana kumbali kuti anthu aone kuti sindinagonje. Ndinadikira. Zala zawo zinangogona m'dzanja langa, zozizira, zopepuka.

"Finyanitu," ndinatero.

"Ndafinya kale."

Amuna anga anayankhula ngati akufotokozera kasitomala pulani.

"Ndi matenda a mitsempha. Amayamba ndi dzanja limodzi, kenako miyendo. Lachiwiri lililonse mlamu wangayu amandiperekeza kwa dokotala, chifukwa chiwongolero sindingachigwirenso. Akuti chaka chamawa ndidzakhala pa njinga ya olumala. Khomo lalikulu lija linali la matayala, mayi. Sinki yotsika ndi ya munthu wokhala pa mpando."

Ndinafunafuna poti ndigwire. Ndinapeza funso limodzi lokha, ndipo ndinalifunsa mwaukali, poti ukali ndi umene unanditsalira.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikanakuuzani m'mawa, pofika masana mayi wa pa foni akanadziwa. Pofika madzulo a Magalasi akanapereka nsanjayi kwa wojambula wa manja awiri. Iyi inali ntchito yanga yomaliza, ndinkafuna ndiimalize." Anatsamiranso ambulera ija. "Komanso ndinkafuna mundionebe ngati mwamuna wanu kwa kanthawi, musanayambe kundiona ngati wodwala."

Mayi wa pa foni anali pamzere wachiwiri, akuyang'ana nsapato zake. A Magalasi sanatsutse chilichonse.

A Pensulo anayang'ananso m'mwamba. "Mazenera onsewa ndinawatsitsa chifukwa cha limodzi lomwelo, kuti pasapezeke wofunsa. Ndimati ndikadzalephera kuyenda m'tauni muno, ndizidzaionera pamenepo."

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni. Zizindikiro zonse ndinaziona: makapu, mabatani, ambulera, dzanja. Ndine munthu wodziwa kuwerenga miyeso, ndipo ndinawerenga yonse molondola, kungolakwitsa mwini wake.

Mawa lake m'mawa ndinali pa ofesi ya injiniya iye asanafike.

"Tigumule khoma lija," ndinamuchonderera.

"Mayi, munali pompo tikuthira konkire. Mukagumula limenelo, khonde la pa 12 ligwera mu msewu. Chipilala cha kubafa chanyamula nsanjika zisanu ndi ziwiri. Sitepeyo pansi pake pali mapaipi anu omwe aja." Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Pa kompyuta pali batani lobwezera m'mbuyo. Pa simenti palibe."

Kamanzere analongedza katundu sabata yomweyo. Ndinagwada pakhomo la chipinda chake, ine mkulu wake, ndikupepesa.

"Dzukani, achemwali, mudetsa diresi," anatero akutseka chikwama. "Chiuno changachi chimakwana pa khomo lililonse m'tauni muno. La kwanu lokha ndi limene landichepera."

7

Tikukhala momwemo, pa nsanjika ya 11, nyumba yachitatu. Nyumba yathu yakale inali ndi masitepe ambiri, ndipo kuno kuli chikepe. Ndinapempha kuti tisinthane ndi aneba, kapena tigulitse tikapeze kwina. Amuna anga anakana. Anati wojambula azikhala m'zimene ofesi yake inajambula, ndipo siginecha ya pa pulaniyo ndi yawo. Ndinaitana kalipentala kuti akhome thandala lokwerapo njinga pansi pa zenera, iwo anamupatsa tiyi n'kumubweza.

Dokotala sananame. Tsopano tikafika pakhomo ndimaponda kumbuyo kwa njinga, kuipendeketsa, n'kuikweza pa masentimita 17 anga aja. Kubafa njinga silowa, ndiye ndimawanyamula, kulowa nawo cham'mbali ngati nkhanu. Akafuna kuyatsa magetsi amaitana ine. Kanyamulidwe kake anandiphunzitsa ndi Kamanzere, amene amabwerabe Lachiwiri lililonse kudzaona alamu ake. Ine amandipatsa moni wa m'sitolo, ndipo sindimudandaula.

Amuna anga sananditukwanepo, ndipo ndikanakonda akanatero. Madzulo dzuwa likapendeka amayendetsa njinga ndi dzanja lawo lamanzere kufika pansi pa zenera, pamene amaona khoma loyera ndi kachidutswa ka thambo. Ine ndimaima pambali pawo, poti msinkhu wanga umakwana.

"Mukuona chiyani, mayi?"

Ndimawauza zonse: mabasi apanikizana pa mphambano, wogulitsa nyuzi akukangana ndi wapolisi, denga la banki yakale lachita dzimbiri. Sabata yatha ndinawauza kuti tsidya la msewu kwaima ana a sukulu ndi mphunzitsi wawo, akuloza zenera lathu.

"Akuti bwanji?"

"Kaya. Paja amati ndi luso."

"Mukawauze kuti ndi lanu," anatero akumwetulira. "Munkadandaula kuti dzina lanu silituluka."

Inu amene mukuwerenga, sindikuuzani kuti musamachite nsanje, chifukwa simundimvera, inenso sindikanamvera. Amuna ena amamangiradi zibwenzi nyumba, ndipo amuna anganso analakwa kundibisira. Zimenezo ndimawauza akakhala kuti adzuka bwino. Koma ine ndinayeza mng'ono wanga ndi tepi, ndinafunsa mayi wa pa foni, ndinakwera nsanjika khumi ndi imodzi wapansi, zonsezo pothawa kukhala pansi ndi munthu wogona naye chipinda chimodzi n'kumufunsa kachiwiri, mofatsa, kuti dzanjalo latani. Paja safunsa anadya phula. Mkwiyo wanu muziutulutsira pa zinthu zoti mawa mukhoza kutola n'kusesa, osati pa zimene zimauma.

Ndipo mukadzaima tsidya lija n'kuwerenga mpaka pa 11, mudzakweze dzanja. Iwo sadzakuonani, koma ine ndidzawauza.